Benchi la pageti

Tamverani za a Kambalame, tcheyamani wa msika wathu. Anafika pa benchi la Nankhoma, wogulitsa mandasi pageti.

"Mawa usamukire kuseri, kuzimbudzi. Pano akhala akazi anga."

Nankhoma anagwada, nawomba m'manja. "Zikomo bwana! Bwanji ndipite lero lomwe? Koma musadzandichotse geti latsopano likatsegulidwa kumeneko."

"Geti liti?"

Nankhoma anagwira pakamwa. "Iii, ndalankhulanji ine!"

A Kambalame anaitana msika wonse. "Imvani nonse! Nankhoma asasunthe pano mpaka imfa. Kuseri n'kwa akazi anga!"

Patha chaka tsopano, geti likadali pompaja. Makasitomala a mayi tcheyamani ndi ntchentche zokhazokha. A Kambalame akamadutsa, Nankhoma amagwadabe mwaulemu: "Bwana, geti lija akutsegula liti?"