Nyumba Yotsika Mtengo ya pa Thambani

Liness anali mayi wa geni ya manachesi pa Mwanza boma. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankapikula zipatsozo m'minda ya kwa Nthache, n'kukazigulitsa ku Blantyre. Mwamuna wake atamwalira, geni yomweyo inaphunzitsa ana awiri, inamuguliranso kamunda ka mitengo makumi atatu. Koma msana unayamba kumunong'oneza kuti masiku onyamula matumba akutha, ndipo mtima wake unakhazikika pa chinthu chimodzi: nyumba ya lendi yoti idzamudyetse pa ukalamba.

Tsiku lina akugula sopo m'golosale ya a Said, bambo wachisilamu wodziwika pa malonda pabomapo, anaona nyuzipepala pakauntala. Munali mndandanda wa nyumba zimene banki ina inalanda kwa olephera kubweza ngongole, zoti zigulitsidwe pa okushoni. Imodzi inali pa Thambani, ya njerwa zootcha, yamalata, zipinda zinayi. Mtengo woyambira unali wotsika moti Liness anawerenga kawiri, chala chili pamzerewo.

A Said anali atagulapo nyumba m'njira imeneyi, choncho Liness anakhala pabenchi n'kuyamba kuwathira mafunso. Kodi banki ili ndi mphamvu yogulitsa nyumba ya munthu? Nanga wogula amalipira liti? Mwini wakale sangadzabwere kudzailanda? Bambowo ankayankha modekha, uku akuyezera anthu mchere. Anati nyumbayo inali chikole, ndipo wotchula mtengo woposa anzake ndiye amatenga. Gawo lina amapereka tsiku lomwelo, lotsala pasanathe mwezi. Anamuchenjezanso kuti nthawi zina pamakhala msonkho wa malo umene mwini wakale anasiya osalipira, ndipo mtolo umenewo umatsalira wogula.

“Koma mayi, mafunso anu onsewa ndi a mtengo,” anatero a Said. “Funso lalikulu simunalifunse, ndipo yankho lake mulibe muno m'golosale. Kwerani galimoto mupite pa Thambani. Mukaione nyumbayo ndi maso anu, mukafunse kuti mukukhala ndani, ndiponso kuti zinatani kuti ifike m'nyuzipepala.”

Liness anavomera ndi pakamwa pokha. Ankaopa kuti akakafunsafunsa nkhani ifala, a matumba olemera amva, amutsekereza. Komanso inali nyengo ya manachesi, pamene tsiku limodzi lotayika limaoletsa katundu. Dzina la mwini limene linali m'nyuzipepalamo, Masauko, silinamukumbutse munthu aliyense. A Said anamukumbutsa kawiri konse, iye n'kumangoti apita sabata yamawa.

Okushoni inachitikira ku Blantyre. Liness anakweza dzanja mpaka amuna awiri amene ankalimbana naye anagwa ulesi. Anathira ndalama zonse zimene anasunga, ndipo kuti akwanitse gawo lotsala anagulitsa kamunda kake ka manachesi. Mapepala atatuluka, anagula loko watsopano, namuponya m'chikwama, n'kukwera pikapu ya ku Thambani mtima uli mbee.

Anaipeza nyumbayo kuseri kwa msika. Pachingwe panali zovala, nkhuku zikupalasa pabwalo. Pakhonde panagona bambo pamphasa, dzanja limodzi lili lende, pakamwa patapotoka. Liness ataodira, m'nyumba munatuluka mayi akupukuta manja pachitenje.

Anali a Esime. Ndiwo amene anamulandira kuchipata cha malire zaka zija, iye ali mtsikana wosadziwa ngakhale kubweza chenji. Anamugawira malo pambali pa dengu lawo, n'kumuphunzitsa kusiyanitsa nachesi lotsekemera ndi lowawasa poliyang'ana khungu. A Esime atakwatiwa ndi a Luckson anachoka pa boma, ndipo awiriwa anatayana monga amatayanirana anthu otanganidwa.

“Liness, ndiwe? Wamva kuti achimwene ako akudwala eti?” anatero a Esime akumukumbatira. “Mulungu akudalitse, anthu ambiri anatiiwala.”

Anamuyalira mkeka, namupatsa madzi ndi mtedza wophika. Kenako anayamba kukhuthula za kumtima. Nyumbayo inali ya apongozi awo, koma mapepala analembedwa m'dzina la Masauko, mkulu wa a Luckson. Iyeyo anakaiika chikole mwakachetechete kuti agule lole. Loleyo inafera ku Tete, mwini wake n'kulowera ku Joni osatsanzika. Kalata ya banki itafika, a Luckson anagwa pabwalo pomwepo, ndipo sanayendenso.

“Akuti nyumba inagulidwa kale,” anatero a Esime motsitsa mawu kuti wodwala asamve. “Galimoto ikangoima pamsewupo, mtima wanga umathawa. Ndimati mwini watsopano uja wafika. Ndiwanyamula bwanji bambowa, ndipo ndilowera nawo kuti?”

 Liness anayang'ana chikwama chili pamiyendo pake, loko akulemera m'katimo ngati mwala wa mphero. Akanatha kutsanzika n'kudzatuma amithenga a khoti, poti lamulo linali mbali yake. Koma misozi inamutsogolera.

“Achemwali, mwini watsopanoyo ndine. Sindinafunse.”

A Esime anasalaza mkeka ndi chikhatho. Sanakalipe. Anangopempha kuti awapatseko nthawi mpaka atathyola nandolo, kuti apeze pogwira posamuka. Liness anawagwira dzanja n'kuwauza kuti palibe amene asamuke, ndipo wodwalayo asamve n'komwe kuti nyumba inasintha mwini.

Liness anawasunga mawuwo, koma mtengo wake unali wowawa. Ku ofesi ya malo anamupeza ndi msonkho wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mvula itayamba, denga linadontha ndipo khoma lakuseri linaonetsa mng'alu. Chipinda chakumaso chokha ndicho anaikamo telala, amene lendi yake inkathera kugula simenti. A Esime ankatumiza nandolo, nthawi zina nkhuku, ndipo Liness ankalandira kuti asawachititse manyazi.

Nyengo ya manachesi itabweranso, anthu anamuona Liness akukweza matumba pa minibasi, dzanja limodzi lili pamsana. Zipatso zina ankakazipikula m'munda womwe uja unali wake, kwa mwini watsopano, akuitanitsa mtengo pansi pa mitengo imene anaithirira yekha.

A Said sanamuseke. Anamuuza kuti wachita zaumunthu, ndipo Mulungu saiwala zotere. Liness anapukusa mutu. Anati sadandaula kuti a Esime ali ndi pogona, koma akanakwera pikapu ija poyamba, bwenzi munda wake ulipo, ndalama zake zilipo, ndipo akanawathandiza achemwali akewo ali chiimire, osati onse awiri atagwada chonchi.

Lero pa Mwanza, munthu akabwera ndi nyuzipepala kudzamufunsa za nyumba za okushoni, Liness amamupatsa mpando n'kumuyankha zonse, kenako amamulozera pokwerera galimoto. Uchi wooneka patali sudziwika kuti m'chisa mwatsala chiyani, ndipo akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.