Sultani Woopa Kudetsa Manja

Ku Nurabadi tinali ndi sultani amene zala zake zinkakhala zakuda ndi inki. Sultaniyo, Sirajudini Yakubu, ankati akaswali m'mamawa, n'kukhala pamkeka kumakopera Korani mpaka dzuwa kufika paliwombo, uku mkazi wake, Bibi Shirini, akumuotchera mikate yekha ngati mkazi wa mlimi. Anali munthu wa Mulungu, zimenezo palibe angatsutse. Koma ankaopa chinthu chimodzi: kudinda ndi mphete yake kalata yolamula kuti munthu aphedwe.

Tsiku lina anavula mpheteyo n'kuipereka kwa Ayitekini, mkulu wa asilikali.

"Milandu uziweruza ndiwe. Ine ndikufuna ndikafike pamaso pa Mulungu manja anga ali oyera."

Bibi Shirini atamva anasiya kukanda ufa. "Mbuyanga, pamphetepo palembedwa dzina la ndani? Akadinda iyeyo, wapha ndinu."

"Ayitekini analumbira atagwira Buku."

"Kulumbirako? Ngakhale wogulitsa ngamila yodwala amalumbira!"

Sultani anangomwetulira n'kuviika cholembera mu inki. Liuma la anthu ofatsa ndi lovuta, chifukwa sakangana nawe, amangokupempherera.

Ayitekini sanachite phuma. Chaka choyamba anachotsa nduna za m'zigawo n'kuikamo alamu ake. Chachiwiri anadula mutu woweruza wina wokalamba amene anayerekeza kufunsa. Mkazi wa malemuyo anabwera kuchipata cha nyumba yachifumu, kalata ili m'manja, akukuwa kuti, "Mukawauze a Sultani kuti dzina lawo ndaliona!" Koma alonda anali a Ayitekini, ndipo mawuwo anathera pomwepo. Kwa sultani kunkangofika uthenga woti dziko lili pamtendere, iye n'kumathokoza Mulungu.

Lachisanu lina m'chaka chachitatu anapita kumzikiti waukulu n'kukhala pamzere woyamba. Kwathu mlaliki akamamaliza amapempherera wolamula pomutchula dzina, ndipo wotchulidwayo ndiye mwini dziko. Tsikulo mlaliki anatsokomola, maso ali pansi, n'kutchula Ayitekini. Mzikiti wonse unavomera kuti, "Amini."

Sultani anakodola nkhalamba imene inali pambali pake. "Bambo, mlalikiyu waphonya, eti?"

"Sanaphonye, mbuyanga," inatero nkhalambayo. "Wakhala akutilamula ndi yemweyo. Amene simunkadziwa ndinu nokha."

Potuluka anapeza asilikali akumudikira pakhomo. Anamutengera kulinga la kuphiri, ndipo sanatsikeko mpaka imfa. Bibi Shirini, amene anamutsatira kumeneko, ankanena kuti mwamuna wakeyo ufumuwo sankaulira ayi. Chimene chinkamudya n'chakuti tsiku lililonse ankafunsa, "Kodi anthu anaphedwa m'dzina langa aja analipo angati?"

Munthuyu amandimvetsa chisoni, chifukwa mtima wake unali wabwino. Koma anathawa udindo poopa tchimo, tchimolo n'kuchitika ndithu m'dzina lake lomwelo. Akuluakulu sananame: fumbi ndiwe mwini.