Pini ya chitseko cha a Gwaza

Panali munthu wina, makaniko, amene ankakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mbawa ku Linthipe. Luso anali nalo, koma analinso ndi ludzu.

Loweruka lina kunabwera mkulu wina, a Gwaza, ndi pikapu yawo yakalekale yonyamulira mbatatesi. Chitseko cha kumanzere, kumene ankakhala akazi awo a Nangondo, chinali chitalendewera. Kuti chitseke, munthu ankayamba wachinyamula ndi bondo. A Gwaza sankalola wina aliyense kuwatsekera mayiwo. Ankazungulira okha, kunyamula, kutseka, kenako n'kukakhala pachiwongolero.

"Amisiri, bondoli lakalamba," anatero a Gwaza. "Ndikonzereni chitsekochi."

Makanikoyo anachigwedeza m'mwamba ndi pansi, chinalira khokhokho. Anadziwiratu kuti mapini a m'mahinjesi adyeka. Ntchito yake ankaidziwanso: kuchotsa chitseko chonse, kugogoda mapini adzimbiriwo mpaka atuluke, kusula ena. Koma anzake anali atakhala kale kumowa.

Ndiye anatenga jeke ndi thabwa, natukula chitseko mpaka hinjesi inapindika pang'ono. Kenako anapala ndi tupa kachitsulo kamene loko imagwira, kuti izilowa mosavuta. Anakankha ndi chala chimodzi. Chinatseka.

"Mwathana nacho kale?"

"Ngakhale mwana atseka, bambo."

Sipanathe milungu itatu. A Gwaza ndi akazi awo akutsetsereka kumtsinje, pokhota, chitseko chinatseguka chokha. A Nangondo anagwera pamsewu nathyoka m'chiuno. Anachira, koma kuchokera pamenepo ankayendera ndodo, ndipo khasu sanaligwirenso.

Makaniko uja anadikira kuti amuitanitse. Palibe anabwera. Anangomva kuti a Gwaza akuuza aliyense kuti, "Mayi ndinawagwetsa ndine. Tsiku limenelo ndinafulumira, sindinatseke bwino." Anamva, koma zoona zake sanaulule. Akakumana pamsika ankapatsana moni wa manja awiri.

Panapita zaka zisanu ndi ziwiri. Makanikoyo mowa anausiya. Kutchalitchi ankakhala kutsogolo, woyambitsa nyimbo anali iye. Koma pikapu ija ikamadutsa, chitseko atachimanga ndi linya, iye ankakwawira pansi pa galimoto ina kukafuna sipanala imene sinatayike.

Tsiku lina m'mawa pikapuyo inaima pansi pa mbawa. A Gwaza anatsika pang'onopang'ono, mutu uli mbuu.

"Amisiri, mdzukulu akukwatiwa Loweruka. Mayi akuti sapita kuukwati atawamangirira ngati mbuzi. Ine dzanja langali sindilikhulupiriranso. Paja inu munachikonza bwinobwino, wochiwononga ndine."

Makanikoyo anamasula linya, anachotsa chitseko nachigoneka pamatumba. Anagogoda, anagogoda, mpaka pini yapamwamba inatuluka. Inali yodyeka pakati ngati chiuno cha mavu. Anaiika m'manja mwa mkuluyo.

"Bambo, pini iyi ndi yomwe ija munabwera nayo. Sindinaichotse. Ndinangopinda hinjesi n'kupala pogwira loko, ndikuthamangira mowa. Mukanatseka ngakhale kakhumi, chikanatsegukabe. Amayi ndinawagwetsa ndine."

A Gwaza anaitembenuzatembenuza pini ija. Sanatukwane. Anakhala pansi patayala lakutha, nausa moyo.

"Zaka zonsezi, mayi akamadzuka pampando ndimayang'ana kumbali," anatero. "Malizani ntchito. Mukamaliza mukwera mbali yomweyo, tipite kunyumba. Mawu amenewa mukawanenenso mayi ali pomwepo."

Makanikoyo anasula mapini atsopano, anawongola hinjesi, anaika kachitsulo kena pogwira loko. Ntchito imene anaithawa kalelo inatha dzuwa lisanapendeke n'komwe. Anasamba m'manja, nakwera. A Gwaza anazungulira, namutsekera okha.

Abale anga, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ichi ndikuchidziwa, poti wogwira jeke tsiku lija ndinali ine. Cholakwa chimene mwabisa sichikhala pansi. Pali wina akuchisenza, akuyesa n'chake. Kusiya mowa n'kwabwino, kuimba nyimbo n'kwabwino, koma zokhazo kuli ngati kutukula chitseko ndi jeke: chimatseka, anthu n'kuyamika, pini ili yomweyo. Ngati mukudziwa munthu amene akudziimba mlandu pa chimene munachita inu, musadikire kuti adzaime yekha pakhomo panu. Gogodani piniyo, mukamuike m'manja.