Dikirani, Akubwera

Mayi anali kusita malaya a amuna awo pamene mlamu wawo analowa osagogoda, foni ili m'manja.

"Alamu, mwamuona Chinkhwe wanu? Dziko lonse nthiti zikuwawa!"

Chinkhwe anali mwana wawo woyamba. Dzinali analitola ku wailesi, kumene ntchito yake inali yotsanzira mtsogoleri wa dziko, munthu wa lilime loterera. Mkuluyo anatsegulapo mlatho n'kuthokoza anthu chifukwa cha chipatala chatsopano. Pamaliro a nduna anafunira malemuwo chaka chopambana. Zosekazo mayi sankaziona cholakwika. Wofuna mpando wapamwamba asadabwe anthu akamuona zigamba.

Koma zimene anaona pafoni tsiku limenelo sizinali zoseketsa kwa iwo. Chinkhwe, atavala suti, anapotoza pakamwa, n'kumenya bondo ndi chikhatho: "Dikirani... akubwera."

Mtsogoleri sanalankhulepo mawu amenewo. Anali mawu a bambo ake a Chinkhwe. Chiwagwirereni matenda a sitiroko, mawu ankawathawa pakati pa nkhani, ndipo ankamenya bondo n'kupempha anthu kuti adikire. Adokotala anali atanenetsa kuti bambowo azilankhula tsiku ndi tsiku, kuopa kuti lilime lingaferetu.

Mayi anazimitsa simbi n'kumuimbira foni Chinkhwe.

"Iwe, wayamba kuba m'nyumba mwa atate ako?"

"Amayi, bwanayo masiku ano akungowerenga zolembedwa, sakuphonyanso. Ndisekese anthu ndi chiyani? Ndani angadziwe kuti ndi ababa?"

"Ine ndadziwa. Chotsa."

"Zafala kale, amayi. Mawa aiwala."

Sanaiwale. Ogulitsa pamsika, ana a sukulu, ngakhale alaliki, aliyense akasowa chonena ankamenya bondo. Mayi anabisa wailesi m'kabati n'kunena kuti yawonongeka. Koma msewu ulibe kabati.

Tsiku la kuchipatala, namwino anafunsa bambowo dzina. Dzina linathawa. Anamenya bondo. "Dikirani... akubwera."

Benchi yonse ya odwala inaphulika ndi phwete. Mwamuna wina, misozi ya chiseko ikuyenderera, anati, "Madala, mumatha! Ngati Chinkhwe weniweni! Taonani apa." Mayi asanatambasule dzanja, foni inali kale pamaso pa amuna awo.

Bambowo anaonera mpaka kumapeto. Anabweza foniyo mwaulemu, ndi manja awiri. Dzina sanalitchulenso, amene analitchula ndi mayi.

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munagwa bata loopsa. Bambowo akafuna madzi ankaloza. Akafunsidwa za thupi ankagwedeza mutu. Mayi anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, koma zinali ngati kulankhula ndi chitseko.

Chinkhwe anabwera, nkhope ili pansi, n'kugwada pafupi ndi mpando.

"Ababa, sindinkaseka inu. Ndinkaseka bwanayo. Nenani kanthu, ngakhale kunditukwana."

Dzanja la bambowo linanyamuka kulunjika pabondo, linaima m'malere, kenako linabwerera mwakachetechete pachifuwa.

Mnyamatayo anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, nditani?"

"Dikira," anatero mayi. "Mwina akubwera. Mwina ayi."

Anayatsanso simbi n'kuyala malaya a bambowo patebulo. Mulu wa zovala unali udakali wautali. Akuwongola kolala, osamuyang'ana mwanayo, anati, "Ukayenda siya phazi, mwanawe. Ukasiya mlomo, ukutsata."