Nyumba Yovala Matabwa

Gerbrand Verhoef ankaweta ng'ombe m'munsi mwa chimtumbira chotchinga mtsinje, pafupi ndi linga la asilikali olonda zitseko za madzi. Lamulo la pamalopo ngakhale ana ankalidziwa: wokhala kukamwa kwa mizinga amange nyumba ya matabwa, kuti nkhondo ikadza aiphwasule msanga, mizinga ione patali, madzi atsegulidwe m'minda kutsekereza adani.

Lamuloli linkamulasa Gerbrand ngati munga wa kuphazi. M'chilimwe matabwa ankatentha, tchizi chake n'kumachita thukuta ndi kuonongeka. Choncho pomanga nyumba yatsopano anabweretsa njerwa pabwato, atazibisa pansi pa udzu wa ng'ombe. Akamanga khoma, ankaliveka matabwa kunja n'kulipaka utoto wobiriwira ngati nyumba za anzake.

Mlamu wake Teunis, mlongo wa mkazi wake Aaltje, anafika tsiku lina n'kugogoda khomalo ndi chibakera. Silinalire.

"Alamu, thabwa lanuli ladya chiyani? Lakhuta bwanji!"

"Mwabwera kudzacheza kapena kudzanunkhiza?"

"Ndabwera kudzakuuzani kuti chemwali wangayu adzagona panja. Linga lija silinamangidwire akhwangwala."

Gerbrand anaponya nyundo pansi. "Nkhondo, nkhondo! Chibadwire changa mizinga ija yapha ndani? Mpheta zikuswerana m'kamwa mwake! Nsanje basi, inu okhala m'bokosi ngati nkhunda. Tulukani pakhomo panga!"

"Bambo a Neeltje," anatero Aaltje, "achimwene akunena zoona."

"Iwenso? Ngati ukufuna bokosi, atsatire!"

Kuyambira tsiku limenelo Teunis sanapondenso pakhomopo, ndipo akakumana kutchalitchi Gerbrand ankayang'ana kumbali. Tchizi chinakoma, iye n'kumayenda chifuwa patsogolo.

Chaka china, udzu utangotsala pang'ono kumwetedwa, ng'oma inalira palinga. Adani akuti ali m'njira. Aliyense achotse nyumba yake madzi asanatsegulidwe. Mudzi wonse unasanduka phokoso la nyundo. Teunis anazula zikhomo, nasanja makoma, zitseko ndi denga pabwato ngati mitolo ya nkhuni.

Gerbrand anaima pakhomo pake manja ali lendee. Sajeni anafika ndi anyamata ake, nakanula thabwa limodzi. Njerwa zinaonekera, psuu.

"Bambo, mwatipusitsa zaka zonsezi? Adani akabisala kuseri kwa khoma ili, afe ndani? Ana angawa?"

"Ndi thukuta langa ili! Simukhudza!"

"Tulutsani mkazi, mwana ndi ng'ombe. Anyamata, bweretsani onga."

Gerbrand anatukwana, anakankha msilikali, mpaka anamugwira mikono. Aaltje sanalire. Anangonyamula wotchi ya pakhoma n'kudutsa pamaso pake. "Tchizi chanu chija chizizira bwino tsopano," anatero.

Nyumba inaphulika kamodzi. Madzulo ake madzi anayalana m'minda mpaka kufika m'mawondo, n'kumiza mulu wa njerwa.

Adaniwo anabwerera panjira, sanafike n'komwe. Madzi ataphwa, anthu anabwera ndi mabwato awo, nyumba n'kumadzuka imodziimodzi pamalo ake akale. Ya Teunis inaima sabata isanathe. Gerbrand anakhala pamatope, akutola zidutswa za njerwa n'kumaziponya m'ngalande ndi ukali.

Anamva mapazi kumbuyo. Anali Teunis, atasenza thabwa paphewa.

"Alamu, m'bokosi la nkhunda muja muli malo. Chemwali ndi mwana alowa kale. Ili ndi limodzi mwa matabwa otsala pakhola langa, tiyambirepo."

Gerbrand anafuna kukalipa, koma anangotaya pansi chidutswa cha njerwa chimene chinali m'manja mwake. Anaimirira n'kugwira mbali ina ya thabwalo.

Mlamu amene Gerbrand anamuthamangitsa ngati wansanje uja ndiye amene anamuuza zoona nthawi ikadalipo. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.