Zitseko Zopita ku Chilumba

Tsiku lina a Chimkwende, wapampando wa msika wa matabwa, anaima pa shedi ya Nasimango, mayi wokhoma zitseko.

"Mayi, mwayi wakugwerani. Kuli chilumba china kunyanja ya Pasifiki komwe mphepo inagwetsa nyumba, ndiye akumanganso. Akufuna zitseko zakuno. Mundipatse zinayi zaulere, ndikatumize pa ndege ngati zitsanzo. Mukakana, shedi ino ndipatsa wina."

Nasimango ankadziwa kuti nyumba yatsopano ya a Chimkwende ili ndi makomo anayi, onse ali pululu. Koma shediyo ndiyo inkadyetsa ana ake.

"Zikomo bwana, mubwere Loweruka."

Loweruka a Chimkwende anafika ndi lole. Anapeza Nasimango ataitana msika wonse kuti udzaone katundu wopita kunja. Mayiyo anavundukula chitenje, ndipo panaoneka tizitseko tinayi topakidwa vanishi, tolekeza m'mawondo.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa a Chimkwende.

"Zitsanzo, bwana. Pa ndege amayeza kulemera kwa katundu, ndiye ndakupeputsirani. Anthu akuchilumbawo akazikonda, adzaitanitsa zazikulu."

A Chimkwende anafufuma ndi mkwiyo. "Zamisala! Kameneka kangatseke chipinda changa chogona?"



"Pepani bwana," anatero Nasimango akunjuta mwaulemu, "sitinamve kuti munasamukira ku Pasifiki. Nanga mphepo ija inakusiyani bwanji?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Lole inabwerera yopanda kanthu, ndipo sabata yomweyo msika unasankha wapampando wina.