Nankhoma ndi Mapazi Ogona

Kalekale, m'mudzi wina wa patsinde pa phiri, munali mayi dzina lake Nankhoma. Ameneyu poyenda sankayang'ana pansi. Maso ake ankatsata mitambo, ankatsata akakowa akamauluka kupita kudambo.

M'mawa wina ankachokera kukasupe, mtsuko pamutu, khanda kumbuyo. Nkhungu inali itagona m'njira. Anayenda, anayenda. Mwadzidzidzi munga unamubaya. Phazi linadumpha lokha, iye asanadziwe n'komwe. Mtsuko unapendekeka, unadutsa pafupi ndi mutu wa khanda, pansi phwa!

"Mayo ine! Ndikanapha mwana!"

Tsiku lomwelo anapita kwa a Chimutu, nkhalamba yodziwa mitengo, n'kuwafotokozera zimene zinachitika.

"Agogo, mundigonekere mapaziwa. Amadumpha osandifunsa."

"Utabayidwa, unagwa?"

"Iyayi, mtsuko ndiwo unagwa."

"Nanga iweyo anakugwira ndani?"

Nkhalamba inamuloza kumiyendo, n'kudziyankha yokha.

"Mwendo winawo, mwanawe. Phazi lina likamathawa, mwendo winawo umalimba nji, kusenza thupi lonse. Ndipo phazi lobayidwa likakhala kuti ndilo lakusenza, silithawa mopusa. Limapepuka, n'kuitana linzake kuti lifike pansi msanga. Zonsezi zimachitika iwe maso ali kumitambo."

"Agogo, phokoso la mtsuko lija likumvekabe m'makutu mwangamu. Ndithandizeni."

Anapempha, anapempha, mpaka nkhalamba inatopa. Inasinja mizu, inasakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kumudzoza kumapazi.

Ha! Ana inu, kuyenda kwake kunakoma! Nthaka inafewa ngati thonje. Miyala inaleka kuluma, minga inaleka kulankhula. Nankhoma ankangoyandama m'njira ngati munthu wa m'maloto. Madzi mumtsuko osagwedezeka, khanda kumbuyo lili m'tulo. Anthu ankati, "Taonani Nankhoma, akuyenda ngati utsi!"

Kenaka inafika nyengo yotentha tchire. Tsiku lina anadzera palupsa, pamene moto unadutsa dzulo lake. Phulusa linali mbuu, kamphepo kakuliulutsa pang'onopang'ono. Pansi pa phulusapo zitsa zinali zikunyekabe. Iye anayenda, anayenda, akuyimbira mwana wake. Anaponda khala, phazi silinathawe. Anaponda lina, phazi silinathawe. Anamva kafungo ka nyama yowotcha, n'kumati, "Kaya ndi alenje ati apha gwape lero."

Mwamuna wake, Chidzanja, anali akufolera denga la nkhokwe. Atamuona akulowa pabwalo, anataya luzi.

"Nankhoma, taimani! Taonani kumbuyo kwanu!"

Nankhoma anacheuka. Paliponse pamene anaponda panali magazi osakanikirana ndi phulusa.

"Ndi a ndani magaziwa?"

"Ndi anu, akazanga. Khalani pansi."

Anakhala pansi, anatembenuza phazi. Anayang'ana, anayang'ana, ngati akuona phazi la mlendo. Ndiye misozi inayamba kutsika.

Chidzanja anamubereka mpaka kwa a Chimutu.

"Agogo, adzutseni," anatero Nankhoma. "Ngakhale andiwawe usana wonse, adzutseni."

"Kugoneka n'kosavuta, mwanawe. Kudzutsa sindilonjeza."

Nkhalamba inatsuka mabala, inakulunga masamba. Nankhoma anakhala pamphasa mpaka mvula inagwa, chimanga chinamera, chinachita ngaiyaye. Mwana uja anaphunzira kukwawa, anaphunzira kuimirira, mayi ake ali pamphasa pomwepo.

Masana ena mwanayo anagwira chala cha kuphazi lamanzere la mayi ake, n'kuchiluma ndi timano take tiwiri. Phazi linadumpha!

"Bambo a mwana, bwerani! Landipweteka! Landipweteka!"

Ankalira uku akuseka. Chidzanja anathamanga, anatsina phazi lamanja. Anatsinanso. Koma lamanja linali zii. Limenelo silinadzukenso.

Nankhoma anayambanso kuyenda, koma ndi ndodo. Lamanzere linkadzisamala lokha. Lamanja ankalilondera ndi maso, kulisankhira poponda. Akafika pakhomo ankaligoneka pamiyendo, kulifufuza pakati pa zala ngati mayi wofufuza nsabwe m'mutu mwa mwana. Anthu odutsa ankamumva akulinong'oneza, "Gona, ndikuonera ndine."

Nthano yanga yafika pothera, nkhuni nazo zanyeka. Chokupwetekani musachithamangitse msanga, ana inu, pena ndicho mlonda wanu.